Momwe nkhomaliro ya Rotary inakumanirana ndi sukulu ya akuluakulu

Pulezidenti wa kalabu akangoliza belu, phokoso la mbale ndi masipuni limayamba lazizira. Alendo amatchulidwa mayina, wofika mochedwa amalipitsidwa kachindapusa ka nthabwala, kenako mlendo woitanidwa tsikulo amaimirira n'kulankhula mwachidule. Nthawi yopuma ikamatha, madokotala, maloya ndi eni mabizinesi omwe amasonkhanawo amakhala akubwerera ku ntchito zawo. Umu ndi momwe makalabu ambiri a Rotary amachitira misonkhano yawo ya sabata ndi sabata, ndipo Seputembala akafika, nkhani yomwe imakula patebulopo ndi ya anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Zinayamba bwanji kuti anthu odya ku hotela azikambirana za mayi amene amadinda chala posainira ndalama? Mbiri yake ili pawiri.

Rotary inabadwa pa 23 Febuluwale 1905 mu mzinda wa Chicago ku America. Loya wina, a Paul Harris, anali atakulira m'tauni yaing'ono momwe aliyense ankadziwana, tsono mumzinda waukuluwo ankasowa ocheza nawo. Anakumana ndi anzawo atatu, a Silvester Schiele ogulitsa malasha, a Gustavus Loehr katswiri wa za migodi ndi a Hiram Shorey atelala, n'kugwirizana zomasonkhana mosinthanasinthana m'maofesi awo. Poyamba cholinga chinali ubwenzi ndi kupatsana malonda basi. Ntchito yothandiza anthu inabwera pambuyo, ndipo yoyamba yodziwika inali yolimbikitsa kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za aliyense. Mwambo wokumana pa nkhomaliro sabata iliyonse unayambira ku kalabu ya Oakland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1909. Unafalikira chifukwa aliyense amayenera kudya masana, choncho munthu wotanganidwa analibe podziwiringulira.

Magulu ena anatsatira: Kiwanis ku Detroit mu 1915 ndi Lions ku Chicago mu 1917. Ku Africa kuno Rotary inafikira ku Johannesburg mu 1921, ndipo lero ili ndi makalabu ku Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, m'chigawo chimodzi ndi a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Komabe kwa zaka zoposa 80 tebulolo linali la abambo okhaokha. Zinatengera chigamulo cha khoti lalikulu la ku America mu 1987 kuti chitseko chitseguke, ndipo mu 1989 bungweli linasintha malamulo ake kuti amayi azilowa kulikonse.

Mbali yachiwiri ya mbiriyi inayambira kutali ndi mahotela, pa chilumba cha Mindanao ku Philippines. Cha m'ma 1930 mmishonale wa ku America, a Frank Laubach, ankagwira ntchito pakati pa Amaranao, anthu achisilamu a m'mbali mwa nyanja ya Lanao. Anakonza njira yolembera chilankhulo chawo ndi matchati olumikiza chithunzi, mawu ndi lembo, n'kulemba ntchito aphunzitsi angapo. Posakhalitsa chuma cha America chinagwa ndipo ndalama zolipirira aphunzitsiwo zinauma. Mfumu ina itamva kuti ntchitoyo ikutha inakana kwamtuwagalu, n'kulamula kuti aliyense amene waphunzira aphunzitse mnzake, wokana aona zakuda. Njira yobadwira mu usiwayo ndiyo a Laubach anayenda nayo m'maiko oposa 100, mpaka kukhazikitsa bungwe la Laubach Literacy mu 1955.

Mmodzi mwa amene anabweretsa ntchito yotereyi pakhomo pa anthu wamba a ku America anali mayi Ruth Colvin a ku Syracuse. Mu 1961 anawerenga m'nyuzipepala kuti kalembera wapeza anthu oposa 11,000 osatha kuwerenga mumzinda wawo womwewo. Iwo sanali mphunzitsi. Anaitana amayi anzawo a kumpingo, n'kuyamba kuphunzitsa m'chipinda chapansi cha nyumba yawo, mabuku akusungira m'firiji yakutha. Zitavuta, anakafunsa nzeru kwa akatswiri a ku yunivesite ya Syracuse, ndipo anatola mfundo yomwe ikugwirabe ntchito mpaka pano: mtima wabwino paokha sukwanira, wodzipereka ayenera kuyamba waphunzitsidwa kaphunzitsidwe ka munthu wamkulu. Bungwe lawo la Literacy Volunteers of America linayamba mu 1962, ndipo mu 2002 linaphatikizana ndi la a Laubach lija kukhala ProLiteracy. Mayiwa anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 107.

Apa m'pomwe mbali ziwirizi zinakumana. Mabungwe a aphunzitsi odzipereka ankasowa mabuku, chipinda chophunziriramo ndi anthu okhala ndi maola awiri opatula pa sabata. Makalabu nawo ankasowa wolankhula pa nkhomaliro iliyonse komanso ntchito yooneka ndi maso m'dera lawo. M'matauni ambiri a ku America chinakhala chizolowezi kuti woyang'anira maphunziro a akuluakulu aziitanidwa kudzalankhula, n'kuchoka ndi cheke kapena mayina a ofuna kuphunzitsa. Lero maphunziro oyambirira ndi kulemba ndi kuwerenga ndi imodzi mwa ntchito zisanu ndi ziwiri zomwe Rotary inaika patsogolo, ndipo mwezi womwe inapatula ndi womwewo wa tsiku la UNESCO lokumbukira nkhaniyi, 8 Seputembala.

Kwathu kuno maphunziro a akuluakulu sanadikire makalabu. Mipingo inkaphunzitsa kale makolo athu kuti azitha kudziwerengera Baibulo ndi buku la nyimbo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma la atsamunda linayesa mapulojekiti ophunzitsa anthu ambiri ku Mponela ndi ku Domasi. Ndondomeko ya dziko lonse, yomwe ambiri timangoti sukulu za kwacha, inakhazikitsidwa mu 1986, ndipo amene anadutsamo amakumbukira buku la Chuma ndi Moyo, lophunzitsa zilembo kudzera m'nkhani za ulimi, ukhondo ndi malonda. Msana wa sukuluzi ndi alangizi, anthu a m'mudzi momwemo omwe amaphunzitsa masana pansi pa mtengo, m'tchalitchi kapena m'kalasi ana akaweruka, n'kumalandira kangachepe kongowathokoza. Ophunzira ambiri ndi amayi. Abambo amazemba poopa kusekedwa, pomwe nawonso uthenga wa ndalama ukafika pafoni amayamba asaka mwana woti awawerengere.

Maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 anadzaza makalasi, koma sanathetse vutoli. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ena mwa iwo anaipondako sukulu, n'kulekeza zilembo zisanakhazikike.

Mbiri yonseyi ikuloza kumodzi. Ku Lanao ntchito inakula ndalama zitatha, ku Syracuse inayamba popanda thumba lililonse. Choko, makope ndi bolodi n'zofunika, ndipo makalabu omwe amagula zimenezi sakulakwa. Koma munthu wa zaka 50 amaphunzira kulemba dzina lake pokhapokha wina akakhala naye pambali sabata ndi sabata, osamufulumizitsa, osamuchititsa manyazi. Inu amene mwawerenga nkhaniyi mpaka pano, kaya ndinu a kalabu, a mvano, a banki m'khonde kapena mphunzitsi wopuma ntchito, kafunseni ku ofesi ya chitukuko cha m'madera ya m'boma lanu kuti sukulu ya kwacha yapafupi ili kuti, ndipo mukapereke maola awiri pa sabata.