Mlandu Suwola: Magazi a ku Gwangju

Makolo athu adati mlandu suwola. Tiyeni tione m'mene mau amenewa adapherezekera m'dziko la South Korea.

Mtsogoleri wa dzikolo, Park Chung-hee, ataphedwa mu Okutobala 1979, anthu adayembekeza kuti ulamuliro wa asilikali watha. Koma mkulu wina wa nkhondo, Chun Doo-hwan, adalanda mphamvu, ndipo pa 17 Meyi 1980 adatseka masukulu a ukachenjede namanga atsogoleri otsutsa boma. M'mawa mwake ophunzira a mumzinda wa Gwangju adasonkhana kuti adandaule, asilikali nkuyamba kuwamenya ndi zibonga. Anthu wamba poona nkhanza zimenezi adatuluka kudzaima pamodzi ndi ana ao. Pa 21 Meyi asilikali adaombera khamu la anthu, ena mwa anthuwo nkutenga mfuti kuti adziteteze. Pa 27 Meyi gulu la nkhondo lidalowanso mumzindamo ndi akasinja. Boma lidawerenga akufa pafupifupi 200, koma ofedwa amati adaposa pamenepo. Mitembo ina adaitengera kumanda a Mangwol-dong pa magalimoto otaya zinyalala.

Pambuyo pa imfa padadza bodza. Manyuzipepala, amene boma lidawamanga pakamwa, adatchula akufawo kuti anthu oukira, ndipo amai ofedwa ankalira mobisa. Kim Dae-jung, Mkatolika wotsutsa boma, adamgamula kuti aphedwe pomnamizira kuti ndiye adautsa chipolowe, ngakhale chilangocho sadachichite.

Nanga Eklezia adatani? Ansembe adafalitsa mobisa maumboni a zimene zidachitika, ena nkumangidwa chifukwa cha ntchitoyo. Mu 1984 Apapa Yohane Paulo II adafika ku Gwangju nachita Misa pakati pa anthu osweka mtimawo. Mu Januwale 1987 apolisi a ku Seoul adapha wophunzira Park Jong-chul pomzunza ndi madzi, nanena kuti adangokomoka iwo atamenya tebulo. Pa 18 Meyi chaka chomwecho, pa Misa yokumbukira akufa a ku Gwangju m'tchalitchi chachikulu cha Myeongdong, Bambo Kim Seung-hoon adaulula kuti akuluakulu a polisi adabisa ena mwa opha mnyamatayo. Mu Juni anthu miyandamiyanda adadzaza misewu, ndipo apolisi atafuna kugwira ophunzira amene adathawira m'tchalitchimo, Kadinala Stephen Kim Sou-hwan adawauza kuti ayambe aponda iyeyo. Pa 29 Juni boma lidagonja, nkulola kuti anthu azisankha okha mtsogoleri wao.

Mu 1996 bwalo lidagamula kuti Chun aphedwe, kenaka chilangocho chidasanduka ndende ya moyo wonse. Mu 1997 adamkhululukira, ndipo Kim Dae-jung yemwe uja, atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, adavomereza chikhululukirocho. Chun adamwalira mu 2021 osapepesa.

Tione bwino dongosolo lake, abale: choona chidayamba chatuluka, mlandu nkuzengedwa, chikhululukiro nkubwera pambuyo. Amene amatiuza kuti tiiwale msanga kaamba ka mtendere akufuna tikwirire bala lisanatsukidwe. Mulungu amene adamva magazi a Abele akufuula kuchokera m'nthaka salola kuti akufa otere atchedwe dzina labodza mpaka muyaya. Inu makolo ndi akatekisiti, phunzitsani ana kuti kuchitira umboni munthu woponderezedwa ndi ntchito ya ubatizo wathu. Ambuye atipatse mtima wolimba kuti tisakhale chete pamene tiyenera kulankhula. Amen.