CHIKALATA CHA MFUMU NDI KACHITINI KA AGOGO

Agogo anga aamuna, bambo wawo wa mayi anga, adali msilikali wa Keyala. Adamenya nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944, nabwerako ndi mamendulo awiri ndi chifuwa chimene adalowa nacho m'manda. Mamendulowo ankawasunga m'kachitini ka fodya pamodzi ndi kapepala kowatulutsira usilikali, ndipo mwezi wa Novembala ukafika ankandituma kuti ndiwakweche ndi phulusa. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Agogo, nanga eni nkhondowo adakupatsani chiyani?" Iwo sadayankhe. Adangoloza kachitiniko ndi mlomo.

Kuloza kumeneko ndiko kwandichititsa kufufuza za anzawo a ku Mangalande, kuti ndione m'mene iwo adapezera chowagwiriziza atavula yunifolomu. Mbiri yake ikuyambira pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya.

Tisaganize kuti msilikali wachingelezi adalandiridwa ndi manja awiri. Ovulala ankabwerera kwawo n'kupeza penshoni yochepa ndi ntchito zosowa. Choncho m'chaka cha 1916 ena adayambitsa bungwe lawo ku Blackburn. M'chaka cha 1917 boma lidakhazikitsa lamulo loti amuna amene adatulutsidwa usilikali chifukwa cha matenda kapena zilonda akapimidwenso, kuti opezeka ndi mphamvu abwerere ku nkhondo. Mkwiyo wa lamuloli udabala bungwe lachiwiri, la National Federation, limene poyamba silinkalandira akuluakulu a asilikali, kupatula okhawo amene adayambira pansi. Chaka chomwecho kudabadwa lachitatu, la Comrades of the Great War, limene lidali ndi anthu olemera kumbuyo kwake, ndipo mu 1920 akuluakulu a asilikali nawonso adapanga lawo. Mabungwe anayi, njala imodzi, koma aliyense akukokera kwake.

Mutu umodzi susenza denga. Amuna awiri osiyana kwambiri ndiwo adakoka anzawo kuti akhale pamodzi: Earl Haig, mkulu wa ankhondo a Britain ku France, ndi Tom Lister, msilikali wamba wa ku Lancashire amene adavulala ku nkhondo. Pa 15 Meyi 1921 nthumwi za mabungwe anayiwo zidaika nkhata za maluwa pa chipilala cha Cenotaph mu London, ndipo British Legion idabadwa. Haig adakhala pulezidenti, Lister wapampando. Pa 11 Novembala chaka chomwecho adagulitsa timaluwa tofiira ta popi koyamba, napeza mapaundi oposa 106,000.

Koma ine chimene chandikoka mtima si maluwawo ayi. Ndi chikalata chimene bungweli lidalandira m'chaka cha 1925 pa ulamuliro wa Mfumu George V, chotchedwa Royal Charter. Chikalata chotere chimasandutsa gulu la anthu kukhala ngati munthu mmodzi pamaso pa lamulo. Bungwe limatha kugula malo ndi nyumba m'dzina lake, kusunga chuma, kusumira ndi kusumiridwa ku khoti. Oyambitsa akamwalira ilo silifa. Komanso atsogoleri sangasinthe zolinga zake mwa iwo okha popanda chilolezo cha aphungu a Mfumu. Haig adamwalira mu 1928, koma bungwelo lilipo mpaka lero, ndipo kuyambira 1971 limatchedwa Royal British Legion.

Zolinga zake zidali zomveka: kuthandiza asilikali akale osauka ndi olumala, akazi amasiye ndi ana awo, kuwamenyera nkhondo ya penshoni, kuwapezera ntchito, kusunga chikumbutso cha amene adafa, ndi kuchita zonsezi mosatsata chipani kapena mpingo. Apa ndipo pagona nkhani. Chifundo chimadalira mtima wa wopereka, lero chilipo, mawa palibe. Koma cholinga cholembedwa m'lamulo chimasanduka ngongole, ndipo mwini ngongole ali ndi khomo loti agogode.

Nanga n'chifukwa chiyani boma lidawamvera? Yankho limodzi ndi voti. Lamulo la 1918 lidapereka voti kwa amuna onse a zaka 21, ndi kwa asilikali a zaka 19. Wandale sakadatha kunyoza anthu mamiliyoni okhala ndi mphamvu yomuchotsa pa mpando.

Tsono tiyeni tibwerere kwathu. Pa nkhondo ya Chiwaya, Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Mu Novembala 1914 John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufa pa nkhondo yosawakhudza, kusiya akazi amasiye ndi ana, popanda chimene adzapindule. Zoonadi, mu Febuluwale 1921 Haig yemweyo ndi Jan Smuts adakhazikitsa British Empire Service League ku Cape Town, yolumikiza asilikali akale a maiko a ufumu wa Britain, ndipo pambuyo pake bungweli lidathandizako asilikali akale a ku Africa. Koma thandizo loterolo lidali mphatso, silidali ufulu. Nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wachikuda ankalandira mashilingi atatu ndi theka. Agogo anga adalibe voti, adalibenso chikalata chowaimira.

Ndikamadutsa pa chipilala cha Keyala pano pa Zomba ndimakumbukira kachitini kaja. Ife a pa sukulu ino timakonda kulemba ndakatulo zotamanda ngwazi, ndipo si zoipa. Koma mbiri ya British Legion yandiphunzitsa kuti ulemu wosalembedwa m'lamulo umatha pamodzi ndi kulira kwa lipenga. Kapepala ka agogo kadadyedwa ndi chiswe iwo asadamwalire. Mamendulo ndili nawo ine, ndipo Novembala akafika ndimawakwechabe ndi phulusa.