Mammon (sewero la pa kanema la ku Norway)

Mammon ndi sewero la pa wailesi yakanema la m'dziko la Norway lokamba za mtolankhani amene akufufuza katangale pakati pa anthu achuma ndi andale. Linakonzedwa ndi NRK, wailesi ya dzikolo, ndipo amene anabwera ndi nkhani yake ndi anthu awiri apachibale, Vegard Stenberg Eriksen ndi Gjermund Stenberg Eriksen. Gawo loyamba, la zigawo 6, linayamba kuonetsedwa pa 1 Januwale 2014 ndipo analitsogolera ndi Cecilie Mosli. Gawo lachiwiri, la zigawo 8, linatuluka mu 2016. Dzina lakuti Mammon ndi liwu la Chiaramu lotanthauza chuma, limene limapezeka pa Mateyu 6:24.

Nkhani yake

Mwininkhani ndi Peter Verås, mtolankhani wa nyuzipepala yongopeka yotchedwa Aftenavisen mumzinda wa Oslo. Mbali imeneyi amasewera ndi Jon Øigarden. Munthu wina wosadziwika amatsina khutu Peter za kusokonekera kwa ndalama pa kampani ina yaikulu, ndipo umboni umaloza kwa mchimwene wake, Daniel. Peter salola kuti ubale uphimbe nkhaniyo. Daniel amadzipha, ndipo pambuyo pake Peter amazindikira kuti amene ankamutumizira umboni uja anali Daniel yemweyo.

Patapita zaka zisanu, Peter ndi Eva, mkazi wamasiye wa Daniel, amalandira katundu amene malemuyo anawakonzeratu. Kuchokera apo Peter amatsata chingwe cha imfa ndi ziopsezo chomwe chimamufikitsa kwa gulu la anthu olemera amene anaphunzira limodzi pa sukulu ya zamalonda ya NHH ku Bergen. Sukuluyi ndi yeniyeni. Vibeke Haglund, wofufuza milandu ya zachuma ku nthambi ya Økokrim, nayenso amalowa m'nkhaniyi. M'gawo lachiwiri nkhani imasamukira ku ndale, ndipo Trond Espen Seim amasewera ngati nduna yaikulu ya dzikolo.

Pamene pagona mphamvu yake

Chigawo choyamba ndicho chimanyamula sewero lonse. Masewero ambiri a mtundu uwu amaika mtolankhani kumbali ya chilungamo, adani ake n'kukhala alendo kwa iye. Mammon amamuika pakati pa ntchito ndi magazi ake. Peter sananame, ndipo malamulo a utolankhani ali kumbali yake, komabe maliro a mchimwene wake amachitika chifukwa cha ntchitoyo, ndipo iye ayenera kupitiriza kuonana ndi mlamu wake, mwana wa malemuyo komanso bambo ake omwe ndi m'busa. Kenako zimadziwika kuti ngakhale nkhani imene ankaiyesa chipatso cha khama lake inachita kuikidwa m'manja mwake. Funso lakuti wotsina khutu mtolankhani amafunanji kwenikweni ndi limene ophunzira utolankhani amakumana nalo m'kalasi, koma pano limaoneka ndi nkhope ya m'bale.

Olemba anagwiritsanso ntchito bwino Baibulo. Dzina la Abrahamu limabwerezedwa m'gawo loyamba, kukumbutsa nkhani ya pa Genesis 22 ya bambo wokonzeka kupereka mwana wake nsembe. M'seweroli guwa lake ndi chuma, ndipo ana a anthu olemera aja ndiwo amasanduka chikole chotsekera makolo awo pakamwa.

Malo amene nkhaniyi ikuchitikira amawonjezera kulemera kwake. Norway inalemera itapeza mafuta pansi pa nyanja mu 1969, ndipo imadziwika ndi kukhulupirirana pakati pa boma ndi nzika zake. Kuyambira mu 2017, bungwe la Reporters Without Borders lakhala likuiika pa nambala 1 pa ufulu wa atolankhani. Kupeka chiwembu m'dziko lotere kumafuna kuti choipa chisabisale m'nkhalango koma m'maofesi owala ndi m'nyumba zokongola, ndipo umu ndi mmene seweroli linajambulidwira. Øigarden nayenso sayesa kuchititsa Peter kukhala wokondeka: ndi munthu waliuma, wosachedwa kukhumudwitsa anzake.

Zofooka zake

Vuto lalikulu ndi kuchulukitsa. Chigawo chilichonse chimatsegula chinsinsi chatsopano chakale chisanatsekedwe, ndipo pofika pakati woonera amakhala akuwerengera mayina a amuna ovala masuti ofanana. Kwa amene samva chilankhulo cha ku Norway, amene maso ake ali pa mawu olembedwa m'munsi mwa kanema, kusokonezeka kumeneku kumachita kuwirikiza.

Zina n'zovuta kuzikhulupirira. Kuti nkhani iyende, woonera ayenera kuvomereza kuti munthu wakufa anadziwiratu malo ndi nthawi ya zinthu zodzachitika patapita zaka zisanu. Adani a Peter amaoneka ngati ali paliponse ndipo amadziwa zonse, komabe amalephera kuletsa mtolankhani mmodzi. Mathero amayesa kumanga zingwe zambiri nthawi imodzi, motero mayankho amabwera mothamanga ndipo salemera ngati funso la pachiyambi lija.

Ntchito ya utolankhani nayonso imachepa nkhani ikamapita. Kutsimikizira umboni, kufunsa mbali zonse ndi kukangana ndi mkonzi zimasiyira malo kuthamangitsana ndi kuthawa imfa, moti Peter amayamba kufanana ndi wapolisi wa m'masewero ena onse. Amene akufuna kuona mmene nyuzipepala imagwirira ntchito adzapeza zambiri m'chigawo choyamba kusiyana ndi chomaliza.

Mmene linalandiridwira

Mammon anatuluka pamene masewero a milandu a ku Scandinavia, monga Forbrydelsen wa ku Denmark (2007) ndi Broen (2011), anali atatchuka kunja, ndipo nthawi zambiri amayerekezeredwa ndi amenewa. Ku Britain anaonetsedwa pa More4 mu 2014. Mu 2015 kampani ya HBO Europe inakonzanso nkhaniyi kawiri: Pakt ku Poland ndi Mamon ku Czech Republic. Gawo lachiwiri linapata mphoto ya International Emmy ya sewero lopambana mu Novembala 2017 ku New York.