Mayi wodwala kale akatenga pathupi ku Mbamba Bay

Mtsikana akadwala zilonda zapakhosi kangapo ali mwana, osalandira penisilini, mtima wake ukhoza kuwonongeka mwakachetechete. Tizitseko ta mumtima timalimba, njira ya magazi n'kuchepa. Iye amakula bwinobwino, kutunga madzi, kuyanika usipa pathandala, ndipo chomudabwitsa n'chakuti amapuma mwawefuwefu akamakwera chitunda. Vutolo limadzaonekera akatenga pathupi, chifukwa magazi a mayi woyembekezera amachuluka ndi pafupifupi theka, ndipo mtima wovulala uja umalephera kuwapopa onse. Mayi wotere amafunika dokotala wodziwa za mtima ndi za uchembere zomwe, womutsatira kuyambira mwezi woyamba mpaka atachira. N'chimodzimodzi mayi wa matenda a shuga, wa khunyu, wa kuthamanga kwa magazi ndi wa sickle cell.

Funso langa ndi lakuti: mayi wotereyu akakhala wa ku Mbamba Bay, ku Liuli kapena ku Chiwanda, m'boma la Nyasa ku Tanzania, dokotala ameneyu wakhala akumupeza kuti? Mbiri ya zaka zoposa 120 ikuonetsa kuti katswiri wakhala akufika kunoko ngati mlendo, poyamba pa sitima, kenako pa galimoto.

Dera limeneli ndi kamzere ka mchenga ndi miyala kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri a Amatengo. Anthu a kumwera kwake amayankhula Chinyasa, chomwe Mnyanja wa ku Likoma amamva popanda womasulira. Kalelo njira yaikulu inali madzi. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, adakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, ndipo William Percival Johnson adakhala zaka zambiri akuyendera midzi ya kum'mawa kwa nyanja pa sitima. Adamwalira ku Liuli mu 1928, manda ake ali komweko. Mu 1899 Dr Robert Howard adafika kudzagwira ntchito ya udokotala mu mishoniyo, ndipo mu 1901 sitima ya Chauncy Maples, yomwe idachokera ku Glasgow ili zidutswazidutswa, idayamba kuyenda panyanja. Inali sukulu, tchalitchi ndiponso malo oonerapo odwala. Imaima pamudzi, anthu n'kubwera ndi zilonda, malungo ndi maso owawa, kenako imapitirira.

Chaka chomwecho cha 1901, ku Edinburgh, Dr John William Ballantyne adadandaula kuti zipatala zimalandira mayi pa tsiku lochira lokha, ndipo chipatala cha amayi cha mumzindawo chidapatula bedi limodzi la mayi woyembekezera amene akudwala. Sikelo ya amayi apakati yomwe tikuidziwa lero idayambira pa maganizo amenewa. Mu 1921 James Mackenzie adalemba buku lonse lonena za matenda a mtima mwa amayi apakati, ndipo mu 1949 Dr Priscilla White wa ku Boston adagawa amayi a matenda a shuga m'magulu molingana ndi kuopsa kwa pathupi pawo. Nzeru zimenezi zimafuna chinthu chimodzi chomwe sitima yongodutsa sikadatha kupereka, ndicho kumuona mayi yemweyo mobwerezabwereza ndi kulemba zomwe wapezeka nazo ulendo uliwonse.

Choncho uchembere m'mbali mwa nyanja udakhalabe m'manja mwa azamba ndi anamkungwi, kenako m'manja mwa anamwino a zipatala za mishoni: St Anne's ku Liuli, chipatala cha Akatolika ku Lituhi, ndipo kuseri kwa mapiri, Litembo ndi Peramiho, komwe Abenedikto adafika mu 1898. Ku Litembo dokotala wachijeremani Irmel Weyer adatumikira zaka makumi angapo. Zipatalazi zidapulumutsa amayi ambiri, koma mphamvu zake zinali pa ngozi za tsiku lochira, monga mwana wokhala mopingasa, njira yochepa ndi kutaya magazi. Mayi wa mtima wovulala amatha kumwalira miyezi isanakwane kapena patapita masiku angapo atachira, ndipo pamudzi imfa yotere imafotokozedwa ndi mdulo kapena ufiti, popeza panalibe womumvetsera pachifuwa.

Mu 1952 mpingo wa Anglican udadula mbali ya Tanganyika kuchoka ku dayosizi ya Nyasaland, ndipo chaka chotsatira Chauncy Maples idagulitsidwa. Ufulu utabwera mu 1961, dera lomwe kale limayang'ana kunyanja lidayamba kuyang'ana ku Songea ndi ku Dar es Salaam, mzinda womwe uli pa mtunda wa makilomita oposa 1,000. Msewu wokwera mapiri kupita ku Mbinga unali wamatope m'dzinja.

Dziko la Tanzania lidadziwa kuti silingadikire madokotala akuluakulu. Kuyambira mu 1963 lidayamba kuphunzitsa ma Assistant Medical Officer, anthu amene sadapite ku yunivesite ya udokotala koma adaphunzitsidwa kuchita opareshoni yotulutsa mwana. Kwa zaka zambiri ndi iwowa amene achita maopareshoni ambiri otere m'zipatala za kumidzi. Pambuyo pa Chikalata cha Arusha cha 1967, boma la Julius Nyerere lidaika ndalama pa tizipatala tating'ono, zahanati, m'malo mwa zipatala zazikulu za m'tauni. Njirayi idafikitsa thandizo pafupi ndi mudzi, koma katswiri wa mtima kapena wa shuga adatsalabe kutali. Ngakhale msonkhano wa uchembere wabwino womwe udachitika ku Nairobi mu 1987 udaika mtima kwambiri pa zomwe zimapha mayi pochira. Kafukufuku wa bungwe la WHO wa mu 2014 ndiye adadzaonetsa kuti imfa yoposa imodzi mwa zinayi zilizonse za uchembere padziko lonse imadza ndi matenda ena omwe pathupi pamangowakulitsa.

Matenda oyamba a mtundu umenewu omwe adagonjetsedwa kumudzi ndi HIV. Mu 2011 dziko la Malawi lidayamba kupereka ma ARV kwa mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilombo, kuti azimwa moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Njirayi, yotchedwa Option B+, Tanzania idaitsatira mu 2013. Chinsinsi chake chinali chakuti nzeru za akatswiri zidasandutsidwa malangizo osavuta ndi piritsi limodzi patsiku, zomwe namwino wa pa zahanati angathe kupereka yekha. Padabweranso kaundula, tsiku lobwereranso, ndi munthu wotsatira mayi amene wasowa. Kwa nthawi yoyamba, mayi wa matenda amgonagona amatsatidwa kuyambira asanachire mpaka mwana atasiya kuyamwa.

Matenda enawa sakwana m'piritsi limodzi. Mayi amene amamwa captopril chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ayenera kusinthidwira ku methyldopa kapena nifedipine, chifukwa captopril amawononga impso za mwana. Valproate wa khunyu ndi warfarin wa anthu oikidwa chitseko chachitsulo mumtima amatha kulumalitsa mwana m'masabata oyambirira, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asanauze munthu kuti aima. Insulini amafuna malo ozizira ndi kuyeza shuga pafupipafupi. Mayi wa sickle cell angafune magazi mwadzidzidzi, ndipo Tanzania ndi limodzi mwa maiko okhala ndi matendawa kwambiri: ana pafupifupi 11,000 amabadwa nawo chaka chilichonse, malinga ndi ntchito ya Pulofesa Julie Makani wa ku Muhimbili. Chipatala chachikulu cha mtima, cha dzina la Jakaya Kikwete, chilinso ku Dar es Salaam konko.

Pali ndi vuto la mawu, lomwe ine monga womasulira limandikhudza. M'Chiswahili khunyu ndi kifafa, pamene kukomoka kodza ndi kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pathupi ndi kifafa cha mimba. Mayina akufanana koma matenda ndi awiri, mankhwalanso ndi osiyana: wina amafuna jekeseni wa magnesium sulphate ndi kuchiritsidwa msanga, wina mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Mayi akafika atakomoka, womuperekeza n'kunena mawu amodzi okha, namwino ayenera kudziwa ngati mayiyo amagwa kale asanaime. Anthu a kunyanja amakwatirana ndi kusodza m'maiko atatu, ndipo khadi lolembedwa m'Chiswahili, buku lachipatala la ku Malawi ndi pepala lachipwitikizi la ku Niassa sizimvana.

Zaka zaposachedwa zasintha zambiri. Boma la Nyasa lidadulidwa kuchoka ku Mbinga mu 2012, likulu lake n'kukhala Mbamba Bay, ndipo lili ndi chipatala chake. Msewu wa makilomita 66 wopita ku Mbinga tsopano ndi wa phula. Mu 2022 boma lidalengeza kuti ndondomeko ya m-mama, yopezera galimoto mayi amene ali pangozi poimba nambala ya 115, ifalikire dziko lonse. Kafukufuku wa zaumoyo adapeza imfa 556 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2015 ndi 2016, ndipo wa mu 2022 adapeza 104, ngakhale akatswiri ena amatsutsana za kukula kwa kutsikako. Kuyambira mu 2024, magulu a madokotala otchedwa Madaktari Bingwa wa Dkt. Samia akhala akuyendera zipatala za m'maboma, muli dokotala wa amayi, wa ana, wa matenda a m'kati ndi wa opareshoni, n'kukhala masiku owerengeka pamalo.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: dokotala wodziwa akamvetsera mtima kamodzi amatha kupeza chomwe chabisala zaka khumi. Koma pathupi ndi pa masabata 40, ndipo mlendoyo amanyamuka sabata isanathe, monga imachitira Chauncy Maples. Zomwe zidachitika ndi HIV zikutiuza zoyenera kutsala iye akapita: mzamba wophunzitsidwa kufunsa mayi pa tsiku loyamba la sikelo matenda omwe ali nawo kale ndi mankhwala omwe akumwa, kaundula wa amayi otere, mankhwala olowa m'malo ali pashelefu, ndi nambala ya foni ya katswiri wa ku Songea yemwe amayankhadi. Mayi wa mtima wovulala uja akadziwika mwezi wachitatu, akhoza kukwera basi ya ku Songea akuyenda yekha, n'kukadikira tsiku lake pafupi ndi dokotala.