Mbiri ya Kulondola Mapazi a Zolembedwa m'Maphunziro a Maganizo a Munthu

Aliyense wophunzira uphunzitsi amamva kawirikawiri mawu akuti, "Akatswiri anapeza kuti ana amaphunzira motere." Mawu otere ali ndi mphamvu yaikulu, pakuti amaumba machitidwe a mphunzitsi m'kalasi zaka zambiri. Koma ndi owerengeka okha amene amafunsa kuti akatswiriwo ndani, analemba liti, ndiponso ngati anzawo a pambuyo anavomereza zimene iwo anapeza. Kale kuyankha mafunso amenewa inali ntchito yowawa ndithu, ndipo pano tifuna kulongosola mbiri ya zipangizo zimene zinaipeputsa.

Maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, amene atchedwa saikoloje, anayamba kuima paokha m'chaka cha 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula nyumba yoyeseramo zinthu za maganizo mumzinda wa Leipzig ku Germany. M'chaka cha 1892 akatswiri a ku America anakhazikitsa bungwe lawo la American Psychological Association. Posakhalitsa magazini a akatswiri anachuluka m'Chijeremani, m'Chifalansa ndi m'Chingerezi, kotero kuti panalibe munthu wotha kuwawerenga onse. Chifukwa chake panabadwa buku lotuluka chaka ndi chaka lotchedwa Psychological Index, loyamba ndi zolembedwa za chaka cha 1894. M'menemo munali mayina a olemba ndi mitu ya nkhani zawo, zoikidwa m'magulumagulu, koma osati za m'kati mwa nkhanizo.

Tsono mutu wokha suuza munthu ngati nkhaniyo idzamthandiza. M'chaka cha 1927 bungwe lija linayamba kusindikiza Psychological Abstracts, mkonzi wake woyamba ali Walter S. Hunter. Pansi pa mutu uliwonse anali kuikapo mawu ochepa ofotokoza chimene wolemba anayesa ndi chimene anapeza. Wofufuza anali kukhala m'laibulale ndi mabuku a zaka zambiri patebulo, nafunafuna mawu amodzimodzi m'buku lililonse, nalemba pa timapepala.

Komabe panatsala vuto limodzi lalikulu. Katswiri akalemba nkhani, amatchula kumapeto zolembedwa za anzake zimene watsamirapo. Mndandanda umenewu umatengera wowerenga m'mbuyo, kwa amene anatsogola, monga mlenje wolondola mapazi kunka kumene nyama inagona. Koma sungamsonyeze kumene nyamayo yapita. Nkhani yolembedwa m'chaka cha 1930 singathe kutchula munthu amene anaitsutsa m'chaka cha 1940. M'mwemo zolakwa zinali kuyenda kuchokera m'buku lina kunka m'linzake, chitsutso chake chili chibisalire m'magazini ena.

Mankhwala a vutoli anachokera kwa anthu a malamulo. M'makhoti a ku America woweruza amatsata zigamulo za milandu yakale, ndipo loya wotsamira pa chigamulo chimene khoti lalikulu linachifafaniza kale agwa nawo mlandu. M'chaka cha 1873 Frank Shepard wa ku Chicago anayamba kugulitsa timapepala tomata m'mabuku a milandu, tosonyeza milandu ya pambuyo imene inatchula mlandu uliwonse. Patapita zaka 80, William Adair, amene anagwirapo ntchito pa kampani ya Shepard, analembera kalata mnyamata wina wophunzira za sayansi, dzina lake Eugene Garfield, namfotokozera za njirayo. M'chaka cha 1955 Garfield analemba m'magazini a Science kuti asayansi nawonso afunika kaundula wotere, kuti aleke kubwereza zopeza zonyenga, zopereweza kapena zachikale osazindikira. Bungwe lake la Institute for Scientific Information ku Philadelphia linatulutsa Science Citation Index m'chaka cha 1964, ndipo m'chaka cha 1973 linatulutsa Social Sciences Citation Index, m'mene munalowa magazini ambiri a saikoloje ndi a za maphunziro. Kuyambira pamenepo munthu anatha kugwira nkhani yakale nafunsa kuti, "Ndani anaitchula pambuyo pake?"

Makompyuta anafulumiza ntchito zonse ziwirizi. Kuyambira m'chaka cha 1967 zolembedwa za mu Psychological Abstracts zinayamba kusungidwa pa makina, ndipo nkhokwe imeneyo ndiyo itchedwa PsycINFO. Buku la pepala linaleka kusindikizidwa m'chaka cha 2006. Kaundula wa Garfield anaikidwa pa intaneti m'chaka cha 1997 ndi dzina lakuti Web of Science, ndipo m'chaka cha 2004 kunabwera Scopus ndi Google Scholar. Ziwiri zoyambazo n'zolipira, koma Google Scholar aliyense atha kufufuzamo mwaulere.

Kuti tione phindu lake, titenge nkhani yokhudza ntchito yathu yomwe. M'chaka cha 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anatulutsa buku lotchedwa Pygmalion in the Classroom. Pa sukulu ina ya pulaimale ku California anauza aphunzitsi kuti mayeso asonyeza ana ena amene nzeru zawo zidzaphuka chaka chimenecho. Zoona zake zinali zakuti anawo, mmodzi mwa asanu aliwonse, anangosankhidwa mwa maere. Potha chaka ana osankhidwawo anakwera pa mayeso a nzeru koposa anzawo, makamaka a m'kalasi yoyamba ndi yachiwiri. Mbiri inabuka yakuti chiyembekezo cha mphunzitsi chikweza kapena kutsitsa mwana.

Wowerenga buku lokhalo adzaima pomwepo. Koma wolondola mapazi kunka m'tsogolo adzapeza kuti chaka chomwecho Robert Thorndike anatsutsa kolimba, nati mayeso amene anagwiritsidwa ntchito sanali oyenera ana aang'ono otere. Adzapezanso kuti Janet Elashoff ndi Richard Snow anapendanso manambalawo m'chaka cha 1971, nakayika zambiri. Potsiriza adzafika pa Stephen Raudenbush, amene m'chaka cha 1984 anasonkhanitsa zoyesa 18 za mtundu womwewo, napeza kuti mphamvu ya chiyembekezo chonama inaoneka makamaka pamene aphunzitsi anali asanawadziwe anawo koposa masabata awiri. Pamene anali atawadziwa kale bwino, mphamvuyo inazilala. Phunziro lotuluka pamenepa n'locheperapo kuposa mbiri ija, koma n'lothandiza koposa: mphunzitsi asamale mbiri ya mwana imene amva m'masiku oyamba a chaka, asanamuone yekha ntchito yake.

Ngakhale zili choncho, zipangizo zimenezi zili ndi malire ake. Kutchulidwa kambirimbiri sikutanthauza kuti nkhani ndi yoona, pakuti ena amaitchula poitsutsa, ndipo ena amaitchula asanaiwerenge n'komwe. M'chaka cha 2015 gulu la akatswiri linabwereza zoyesa 100 za saikoloje zosindikizidwa m'magazini omveka, ndipo zosafika theka ndizo zinatulukanso monga poyamba. Ndiponso nkhokwe zazikuluzi zadzala ndi magazini a Chingerezi a ku America ndi ku Ulaya, kotero kuti zopezeka pa ana a ku California siziyenera kutengedwa msanga ngati zonena za mwana aliyense wa pa dziko lapansi.

Tsono inu aphunzitsi a mawa, mukamva kuti "akatswiri anapeza," funani dzina la wolemba ndi chaka. Mukapeza nkhaniyo, yang'anani m'mbuyo amene iye anatsamirapo, ndipo yang'anani m'tsogolo amene anamyankha. Ntchito imene inali kudya miyezi m'laibulale lero itheka madzulo amodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo mphunzitsi akadya phula, adyetsanso kalasi yonse.