Nthenda yosachiritsika ya nsomba za dwarf gourami: zomwe oweta ayenera kudziwa

Dwarf gourami ndi kansomba kakang'ono ka mizere yofiira ndi ya buluu, komwe anthu amaweta m'mathanki agalasi pofuna kukongoletsa nyumba. Kwawo ndi ku India, Bangladesh ndi Pakistan, koma zambiri zogulitsidwa m'masitolo zimaswetsedwa m'mafamu a ku Singapore ndi mayiko oyandikana nawo.

Vuto lalikulu la nsombazi ndi vairasi yotchedwa Dwarf Gourami Iridovirus, mwachidule DGIV. Kafukufuku amene akatswiri a ku yunivesite ya Sydney anafalitsa mu 2006 anapeza vairasiyi mwa nsomba 22 pa 100 zilizonse zomwe anaziyeza, zochokera kumayiko a ku Asia. Choopsa n'chakuti nsomba imatha kuoneka yathanzi pogula, kachiromboka kali kale m'thupi.

Ikayamba kudwala, nsomba imazilala mtundu, imasiya kudya ndipo imangokhala phee pakona pa thanki. Zina zimatupa mimba kapena kutuluka zilonda. M'kati, vairasiyi imakhala ikutupitsa maselo a kapamba ndi impso, ndipo imfa imabwera patangotha masiku kapena milungu yochepa.

Mankhwala palibe. Ena amathira maantibayotiki m'madzi, koma uku n'kutaya ndalama chabe chifukwa mankhwalawa amapha mabakiteriya, osati mavairasi. Chothandiza ndi kusunga nsomba yatsopano m'thanki yakeyake kwa milungu yosachepera 4, kuchotsa msanga yodwala, komanso kusagwiritsa ntchito kaukonde kamodzi m'mathanki awiri.

Munthu satenga nthendayi. Nkhawa ili pa nsomba zina. DGIV ndi ya gulu limodzi ndi vairasi ya ISKNV, yomwe kumapeto kwa 2018 inapha nsomba zambiri za tilapia m'mafamu a pa nyanja ya Volta ku Ghana. Ku Australia, vairasi yofanana kwambiri ndi DGIV inapha nsomba za Murray cod pafamu ina mu 2003. Chambo chathu nachonso ndi cha m'gulu la tilapia.

N'chifukwa chake nsomba yodwala kapena yakufa siyoyenera kuponyedwa mumtsinje, m'damu kapena m'ngalande. Ikwirireni pansi kutali ndi madzi. Madzi a m'thankimo athireni kaye klorini musanawataye, ndipo thankiyo muitsuke ndi klorini n'kuiumitsa bwinobwino musanaikemo nsomba ina.