Kukanda mdima: mbiri ya Eric Drooker ndi amene adamutsogolera

 Lero ndikufuna tikambe za luso lina lojambula lotchedwa scratchboard.

Wojambula amatenga chikatoni cholimba chopakidwa dongo loyera, pamwamba pake n'kupakapo inki yakuda bii. Ndiye amakanda ndi kampeni kakuthwa. Paliponse pomwe wakanda pamatuluka poyera. Ndiye kuti iye amayambira mumdima, n'kumafukula kuwala pang'onopang'ono. Njirayi idatchuka ku Britain ndi ku France m'zaka za m'ma 1800, chifukwa zithunzi zake zinkasindikizika bwino m'mabuku ndi m'manyuzipepala.

Ine ndidaidziwa kudzera m'buku la Eric Drooker lotchedwa Flood!, la mu 1992. Drooker adabadwa mu 1958 ku New York, ndipo adakulira kufupi ndi dera la Lower East Side. M'zaka za m'ma 1980 lendi kumeneko inkakwera, amphawi n'kumathamangitsidwa m'nyumba. Iye adali m'gulu lomenyera ufulu wa anthu a lendi, ndipo zithunzi zake zinkamatidwa m'makoma ndi pamapolo a m'misewu. Mu Ogasiti 1988 apolisi adalimbana ndi anthu ku Tompkins Square Park, komwe kunkagona ambiri osowa pokhala. Mkwiyo wa nthawi imeneyo mumaupeza m'bukuli: munthu ntchito yamuthera, nyumba yamupulumuka, kenako chimvula chimiza mzinda wonse. Pafupifupi nkhani yonseyo amaikamba popanda mawu.

Komatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Drooker adaphunzira kuchokera ku ntchito za Frans Masereel wa ku Belgium, yemwe ankadana ndi nkhondo ndipo nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse adakhala ku Geneva. Mu 1919 Masereel adatulutsa Passionate Journey, nkhani ya zithunzi 167 zosemedwa pathabwa. Lynd Ward wa ku America adaona ntchito ya Masereel akuphunzira ku Leipzig, ndipo mu Okutobala 1929, mwezi womwe chuma cha America chidagwa, adatulutsa Gods' Man, buku la zithunzi 139. Awiriwa ankasema thabwa, Drooker amakanda dongo, koma mzere wake ndi umodzi.

Mwina mukuti, zikutikhudza bwanji ife? Ambirife tikudziwa mmene mtima umagundira kalata ya eni nyumba ikafika. Tikudziwanso manyazi olankhula Chichewa chothyoka pafoni ndi agogo, kapena Chingelezi choti anzako kusukulu amakuseka nacho. Buku lopanda mawu silikufunsa kuti umalankhula chiyani. Mungathe kulitsegula limodzi ndi amayi anu, aliyense n'kufotokoza m'chinenero chake zomwe akuona.

Kalifunseni ku laibulale ya kwanuko, ndipo mukaliwerenga mutiuze kuti mwaonamo chiyani. Tikumanenso sabata yamawa.